Kodi matenda a khunyu amasanduka misala?

Funso: Adokotala, mlongo wanga wamng'ono ali ndi zaka 28 ndipo anayamba kugwa khunyu ali ku sekondale. Amamwa phenobarbitone usiku uliwonse ndipo kugwa kunachepa. Koma chaka chino wasintha. Anasiya ntchito yake ya utelala, amangobindikira m'nyumba, kudya sakudya bwino, sachedwa kupsa mtima, ndipo kawiri konse wandiuza kuti bola kufa kusiyana n'kumavutitsa anthu. Mwezi wathawu anagwa katatu usiku umodzi. Kutacha anali bwinobwino, koma patapita masiku awiri anasiya kugona, n'kuyamba kunena kuti akumva mawu a anthu ofuna kumupha. Zinatha zokha patapita sabata. A malume akuti matendawa afika pa misala chifukwa cha mapiritsi, ndipo akufuna kuti asiye kumwa tipite naye kwina. Kodi n'zoona? Titani? Ndine mlongo wake, ku Dedza.

Yankho: Mayi, pali chinthu chimodzi chimene sichingadikire mpaka kumapeto kwa yankho langa. Mlongo wanu asasiye kumwa mapiritsi ake, ngakhale usiku umodzi wokha. Munthu amene wamwa phenobarbitone kwa zaka zambiri akangosiya mwadzidzidzi amatha kugwa motsatizanatsatizana osatsitsimuka, ndipo kugwa kotereku kumapha. N'kutheka kuti mankhwalawa ayeneradi kusinthidwa, ndipo ndifotokoza chifukwa chake, koma kusinthako amachita ndi a chipatala, pang'onopang'ono, kwa miyezi ingapo, ena atalowa kale m'malo mwake. A malume auzidwe zimenezi lero lomwe, mwaulemu koma mosapsatira mawu.

Matenda a khunyu si misala, ndipo sakula n'kusanduka misala. Anthu ambiri odwala khunyu amakalamba mitu yawo ikuyenda bwinobwino. Chimene chili choona n'chakuti munthu wodwala khunyu amakumana ndi mavuto a maganizo kawirikawiri kuposa amene sadwala, ndipo m'kalata yanuyi ndikuonamo mavuto awiri osiyana. Lina ndi la sabata ija ankamva mawu. Lina ndi la chaka chonse chino. Banja lanu lachita mantha ndi la sabata lija chifukwa linali laphokoso, aliyense analiona. Ine limene likundidetsa nkhawa kwambiri ndi lachetechetelo.

Tiyambe ndi la sabata lija, popeza ndi limene labweretsa mkangano. Mwalifotokoza bwino moti aliyense wogwira ntchito ya zamaganizo angalizindikire: kugwa kangapo motsatizana, kenako tsiku limodzi kapena awiri munthu akuoneka kuti wachira, kenako kusowa tulo, mantha, kumva mawu, kukayikira anthu. Kuchipatala timalitchula kuti postictal psychosis, kusokonezeka mutu kumene kumabwera munthu atagwa. Masiku abwino apakati aja ndi amene amasocheretsa mabanja. Pofika tsiku lachitatu anthu amakhala ataiwala za kugwa kuja, ndiye amayamba kufufuza chifukwa china, kaya mapiritsi, kaya mnansi amene anakangana naye za malire a munda, kaya mizimu. Vutoli limakonda kuoneka mwa anthu amene adwala khunyu kwa zaka 10 kapena kuposerapo, monga mlongo wanuyu. Ena sanena za adani ayi, amanena zoti Mulungu wawatuma kapena kuti dziko likutha. Limatha pakapita masiku ochepa kapena masabata angapo, munthu n'kubwerera mwakale.

Koma kutha lokha si chifukwa cholidikirira. Limatha kubwereranso akadzagwanso motsatizana, ndipo m'masiku amenewo munthu wogwidwa ndi mantha angathe kuthawira kutchire usiku, kudzivulaza, kapena kumenya wina poganiza kuti akudziteteza. Chizindikiro choyamba nthawi zambiri chimakhala kusowa tulo. Mukadzaona kuti wagwa kangapo ndipo usiku wotsatira kapena winawo sakugona, akungoyendayenda, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala monga haloperidol kapena risperidone, operekedwa kwa nthawi yochepa pamodzi ndi ena omukhazika mtima pansi, amafupikitsa vutoli. Musamuunjirire, musatsutsane naye zoti mawuwo alipo kapena palibe. Azilankhula naye munthu mmodzi amene amamukhulupirira, modekha, mipeni ndi zikwanje zitachotsedwa pafupi.

Onani bwino apa. Kugwa katatu kuja ndi kumene kunabala sabata yovuta ija, osati mapiritsi. Kusiya mapiritsi n'kuitana kugwa kwina kochuluka, ndipo pambuyo pake chinthu chomwecho chimene a malume akuchiopa. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti, munthu amene kugwa kwake kunali kutachepa anagweranji katatu usiku umodzi? Kawirikawiri yankho limapezeka pa kudumphitsa mapiritsi, mowa, kuchezera usiku, kapena kutentha thupi monga kwa malungo. Werengani mapiritsi amene atsala muone ngati akugwirizana ndi tsiku limene analandira. Munthu amene wataya mtima amaiwala kumwa mankhwala, kapena amangosiya dala poona kuti palibe phindu. Apa ndi pamene mavuto awiri aja amakumana.

Kubindikira, kusiya ntchito imene ankaikonda, kusadya, kupsa mtima msanga, kudziona ngati katundu wolemetsa abale, zonsezi zikakhala pamodzi kwa miyezi zimaloza ku matenda ovutika maganizo, aja amati depression. Womupima ndiye adzatsimikize, koma chithunzi chake n'chimenechi. Lipoti la bungwe la WHO la 2019 lonena za khunyu linati mwa anthu 100 odwala khunyu, pafupifupi 23 amakhalanso ndi matenda ovutika maganizo, ndipo pafupifupi 20 amakhala ndi matenda a nkhawa. Padziko lonse odwala khunyu alipo pafupifupi 50 miliyoni, choncho mlongo wanu ali ndi anzake ambirimbiri, ngakhale iye akudziona ngati ali yekha. Mwa odwala khunyu matendawa saoneka nthawi zonse ngati kulira kapena chisoni choonekera. Ambiri, makamaka amuna, amangokhala aukali, otopa, osasangalala ndi chilichonse, masiku ena n'kuoneka ngati ali bwino. N'chifukwa chake pakhomo amangoti wayamba mwano kapena ulesi. Matendawa amadya munthu ngati chiswe mu mtengo wa denga, kunja ukuoneka wolimba.

Gwero lake lina lili mu ubongo momwemo. Kwa akuluakulu ambiri kugwa kumayambira mbali ya ubongo imene ili cham'mbali mwa mutu, kufupi ndi makutu, ndipo m'mbali imeneyi ndi mmene mulinso tizigawo toyendetsa mantha, kukumbukira ndi mmene munthu akumvera mumtima. Ofufuza anapezanso kuti njirayi imapita uku ndi uku: anthu amene anadwalapo matenda ovutika maganizo amakhala pa chiopsezo chokulirapo chodzadwala khunyu, ndipo odwala khunyu amene ali ndi matenda ovutika maganizo kugwa kwawo kumavuta kukuletsa ndi mankhwala. Choncho kuchiza maganizo ake ndi mbali ya kuchiza khunyu, si ntchito yapadera yodzachita mukapeza mpata.

Pa za mapiritsi, a malume sakulakwitsa kotheratu, ndipo ndi bwino kuwauza choncho. Phenobarbitone ndi mankhwala akale, anayamba kugwiritsidwa ntchito pa khunyu mu 1912. Ndi otsika mtengo, amamwedwa kamodzi patsiku, ndipo apulumutsa anthu osawerengeka kuno kwathu. Koma amadziwikanso kuti kwa ena amabweretsa tulo tambiri, kuganiza mochedwa ndi kuvutika maganizo, ndipo ana ena amawachititsa kukhala osakhazikika ndi aukali. Kumbukirani ngati mlingo wake unawonjezedwa kusinthaku kutatsala pang'ono kuyamba, ndipo mukauze dokotala. Mankhwala ena a khunyu monga carbamazepine, sodium valproate ndi lamotrigine nthawi zambiri savutitsa maganizo, mpaka amagwiritsidwanso ntchito pochiza matenda ena a maganizo. Pomwe levetiracetam, amene ena amagula m'mafamase kapena kutumiziridwa ndi abale a ku Joni poganiza kuti atsopano ndiye abwino, amadziwika ndi kuyambitsa ukali ndi kukhumudwa kwa anthu ena. Musamusinthire nokha. Kusankha kumadalira mtundu wa kugwa kwake ndi mankhwala ena amene akumwa. Ngati ali pa ma ARV anene, chifukwa phenobarbitone, phenytoin ndi carbamazepine amachepetsa mphamvu ya ma ARV otchedwa dolutegravir. Kwa amayi amene akuwerenga nawo yankholi, sodium valproate amatha kuvulaza mwana m'mimba, ndipo phenobarbitone, phenytoin ndi carbamazepine amafooketsa mapiritsi olera ndi njira yolera yoika pamkono, choncho nkhani ya kulera ndi mimba izikambidwa ndi dokotala poyera.

Ndiye pali moyo umene munthu wa khunyu amakhala pakati pathu, ndipo apa ndikufuna tikhalitsepo. Taganizani mnyamata wa zaka 28. Anzake a msinkhu wake akwatira, ena ali ndi ana awiri. Iye mwina anafunsirapo mbeta, akuchikazi atamva za matendawa n'kukana. Mwina anagwapo pa shopu makasitomala akuona, anthu n'kumwazikana poopa thovu la m'kamwa, mawa lake ena osabweretsanso nsalu zawo. M'madera ambiri anthu amakhulupirirabe kuti khunyu munthu amatengera kudzera m'malovu kapena mpweya wa wodwala, mpaka kumupatulira mbale ndi kapu yake. Zimenezi si zoona m'pang'ono pomwe. Palibe anatengapo khunyu pogwira munthu amene wagwa, podya naye mbale imodzi, kapena pogona naye chipinda chimodzi. Chikhulupiriro china chopweteka n'chakuti amene wapsa ndi moto atagwa sangachirenso. Nachonso n'chabodza, koma wodwala akachimva kuyambira ali mwana amachikhulupirira, n'kutaya mtima.

Pamwamba pa zonsezi pali mantha osadziwa tsiku kapena ola. Munthu amayamba kupewa msika, tchalitchi, minibasi, maliro, poopa kugwa pagulu n'kudzikodzera anthu akuona. Dziko lake limachepa mpaka kutsala chipinda chimodzi. Ndipo ndinene mosabisa, mabanja achikondi nawonso amathandizira kulichepetsa. Usapite kumunda, usanyamule, usayende wekha, khala pansi tikuchitira. Amatero pomukonda, koma uthenga umene munthu wamkulu amamva tsiku ndi tsiku ndi wakuti iye ndi wongosamalidwa, alibe chimene angapereke. Zoyenera kupewa kwa munthu amene akugwabe ndi zochepa ndipo n'zodziwika: kukhala yekha pafupi ndi moto, kusamba kumtsinje kapena kutunga pachitsime chosatseka ali yekha, kukwera pamwamba, kuyendetsa galimoto kapena njinga yamoto. Kusoka palibepo pamenepa. Kulima, kugulitsa, kusewera mpira, kukwatira ndi kubereka ana palibeponso.

Mawu aja akuti bola kufa kusiyana n'kumavutitsa anthu ndi amene andichititsa kuti ndikuyankheni mwachangu. Musawatenge ngati kudandaula wamba. Kafukufuku wamkulu wa ku Denmark, wofalitsidwa mu 2007, anapeza kuti odwala khunyu amadzipha mowirikiza pafupifupi katatu poyerekeza ndi anthu ena, ndipo chiopsezocho chimakwera kwambiri ngati munthuyo alinso ndi matenda a maganizo. Kudziona ngati mtolo kwa abale ndi chimodzi mwa zizindikiro zimene timaziopa kwambiri. Wakuuzani inu kawiri, kutanthauza kuti amakukhulupirirani. Khalani naye pansi muli awiri, mumufunse molunjika kuti, achimwene, mawu aja munanena aja, kodi mumaganiza zodzipha? Mwaganizapo mmene mungachitire? Ambiri amaopa kuti kufunsa kotere kumaika maganizowo m'mutu mwa munthu. Sikutero. Amene ali nawo kale amapepukidwa kuti wina wawamva. Akayankha musamukalipire, musamuuze kuti ndi tchimo kapena kuti alimbe mtima ngati mwamuna. Mverani, kenako muuzeni kuti maganizo amene akumuvutitsawo ndi matenda, ali ndi mankhwala, ndipo mupita naye limodzi.

Kuyambira lero mapiritsi ake asunge munthu mmodzi wodalirika, azimupatsa a usiku umenewo okha ndi kuona kuti wameza. Mukatero mwateteza zinthu ziwiri, kudumphitsa ndi kumwa ambiri nthawi imodzi. Mankhwala a mbewu, a m'dimba ndi a makoswe achoke m'nyumba kapena atsekeredwe. Maganizo odzipha amabwera mwamphamvu kwa kanthawi n'kuchepa, ndipo munthu amene sanapeze chogwiritsa ntchito pa ola loipalo nthawi zambiri amapulumuka. Asakhale yekha nthawi yaitali. Mowa ndi chamba zimawonjezera kugwa ndi kuvutika maganizo komwe. Akakuuzani kuti anakonza kale njira kapena tsiku, kapena mukaona akugawa katundu wake ndi kutsanzika anthu, musadikire tsiku la kiliniki, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Ngakhale atakana kuti alibe maganizo amenewo, pitani naye sabata ino. M'zipatala za boma za m'maboma odwala khunyu amaonedwa kawirikawiri ku kiliniki ya zamaganizo, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene anthu amasokonezera khunyu ndi misala. Koma kwa inu ndi mwayi, chifukwa namwino kapena dokotala amene amamulembera mapiritsi ndi yemweyo anaphunzira za matenda a maganizo. Chovuta n'chakuti mzere umakhala wautali, funso limakhala limodzi, wagwa kangati mwezi uno, wodwala n'kuyankha, kulandira mapiritsi, n'kumapita. Za mumtima safunsidwa, iyenso sanena. Ndiye inu mukalowe naye, mutatenga buku lake la kuchipatala, ndipo mukanene zinthu monga mwandilembera ine: kusintha kwa chaka chino, mawu a imfa aja, ndi sabata ija pamodzi ndi kugwa katatu kumene kunaitsogolera. Pemphani kuti amupime za matenda ovutika maganizo. Pali mafunso 9 otchedwa PHQ-9 amene alipo m'Chichewa ndipo satenga nthawi. Zikafuna akatswiri, angakutumizeni ku Saint John of God ku Lilongwe, komwe ndi kufupi ndi kwanuko, kapena ku Zomba Mental Hospital. Kwa a kumpoto Saint John of God ilinso ku Mzuzu, ndipo ku Blantyre thandizoli limapezeka pa Queen Elizabeth.

Kunyumba yambani kulemba pa kalendala tsiku limene wagwa ndi mmene akukhalira masiku ozungulira. Ena amakhala aukali maola kapena masiku angapo asanagwe, ena amakhumudwa kwa masiku ochepa atagwa kenako n'kutsitsimuka, ndipo ena amagwidwa ndi mantha aakulu a masekondi ochepa amene kwenikweni ndi kuyamba kwa kugwa komweko. Zotere zimachepa kugwa kukachepa. Kukhumudwa kumene kulipo tsiku ndi tsiku, kaya wagwa kaya sanagwe, ndiko kumafuna mankhwala akeake. Kalendala imathandiza dokotala kusiyanitsa.

Alipo azaumoyo ena amene amazengereza kupereka mankhwala a matenda ovutika maganizo kwa wodwala khunyu poopa kuti awonjezera kugwa. Mantha amenewa anachokera ku mankhwala akale ndi milingo ikuluikulu. Fluoxetine ndi anzake a gulu limenelo, monga sertraline, akamwedwa pa mlingo woyenera sawonjezera kugwa kwa anthu ambiri, ndipo kusiya munthu osamuchiza n'koopsa kuposa kumupatsa. Amitriptyline amapezeka kwambiri m'zipatala zathu, koma kwa mlongo wanu sindingayambire amenewa, chifukwa pa mlingo waukulu amatha kuyambitsa kugwa ndipo ndi oopsa kwambiri munthu akamwa ochuluka. Dokotala adzaonanso kugwirizana kwa mankhwala, popeza fluoxetine amatha kukweza mphamvu ya phenytoin ndi carbamazepine m'magazi. Ndiponso asamwe tramadol pa ululu uliwonse, amayambitsa kugwa.

Mapiritsi okha sabwezera munthu malo ake pakati pa anthu. Uphungu wokambirana mavuto limodzilimodzi ndi kupeza chochita pa lililonse umathandiza kwambiri. Njira ya Friendship Bench, imene anayambitsa Dr Dixon Chibanda ku Zimbabwe, inaonetsa kuti ngakhale anthu wamba ophunzitsidwa bwino angathe kupereka uphungu wotere n'kuthandiza. Funsani ngati pachipatala panu pali mlangizi. Pakhomo musadikire kuti ayambe wasangalala ndiye adzagwire ntchito, chifukwa pa matendawa zimayenda mosemphana, munthu amayamba kuchita kenako mtima umatsatira. Mupempheni akusokereni yunifolomu ya mwana, mumulipire monga mmene mungalipirire telala wina aliyense. Ola limodzi patsiku ndi poyambira pabwino. Muzimufunsa maganizo ake pa nkhani za pabanja, azidya ndi anthu, azipita nanu kumene mukupita.

Za kupita kwina, ine sindiletsa munthu kupemphera, ndipo mpingo umene umalandira wodwala khunyu osamuthawa ndi mankhwala paokha. Chimene ndimakana ndi kuuza wodwala kuti ataye mapiritsi posonyeza chikhulupiriro, kumuchezeretsa usiku wonse, kapena kumusalitsa kudya mpaka kudumphitsa mankhwala, pakuti kusowa tulo ndi chimodzi mwa zinthu zodziwika kwambiri zoyambitsa kugwa. Mankhwala azitsamba osanzitsa kapena otsegula m'mimba amatulutsa mapiritsi asanagwire ntchito. A malume musawasiye kunja kwa nkhaniyi, chifukwa mawu awo ndi amene amamveka pabanja. Apempheni apite nawo kuchipatala akafunse okha mafunso awo, akamvenso kuti nkhawa yawo ya mapiritsi yamveka ndipo iunikidwa.

Akayamba mankhwala a maganizo musayembekezere kusintha mawa lake. Amatenga masabata 2 mpaka 6 kuti ayambe kuoneka ntchito yake, ndipo masiku oyambirira ena amamva nseru, mutu kapena kusakhazikika. Nthawi imeneyi ndi yofunika kumuyang'anira kwambiri, chifukwa mphamvu za thupi zimatha kubwerera maganizo a imfa asanachoke. Pemphani kuti akaonedwenso pakatha masabata 2, osadikira mwezi wathunthu, ndipo akadzachira apitirize kumwa kwa miyezi 6 kapena kuposerapo monga adzanenere dokotala, chifukwa kusiya msanga kumabwezeretsa matendawa.